Kuoda nsomba zouma ku Mangochi: mumsika wa pa Boma kapena kudoko?

Nachisale wa ku Ntcheu:
Akuluakulu a ku Mangochi, tithandizeni. Wofuna kuoda usipa ndi utaka wokagulitsa kumtunda ayambire pati, mumsika waukulu wa pa Boma kapena apite kumadoko? Nanga n'chifukwa chiyani malonda ambiri amaunjikana cha kumlatho?

Che Mpondasi:
Amayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo, poti ndi lomwe likutsegulireni maso. Tauniyi inamera pa chiwoloko cha Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Azungu asanabwere, amalonda a minyanga ndi akapolo ankaolokera pa mudzi wa mfumu Mponda popita kugombe la nyanja yamchere. Harry Johnston, mkulu wa atsamunda a ku Britain, anamanga linga lake mu 1891 kuti atseke njirayo, malowa n'kutchedwa Fort Johnston mpaka 1971. Chipilala cha wotchi chomwe chili pafupi ndi mlatho ndi cha 1903.

Njira zake zikadali zomwezo. Katundu wa ku Namwera ndi wa kumalire a Chiponde amatsika phiri n'kuoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi, wa ku Malindi ndi Makanjira chimodzimodzi. Nsomba za ku Makawa ndi Monkey Bay zimabwera ndi msewu wa kumpoto, za ku Malombe, monga kambuzi, zimachokera kummwera. Zonsezi zimakumana pa Boma. Ndiye mumsika mumapeza mitundu yonse tsiku limodzi, koma nsombayo yadutsa kale m'manja awiri kapena atatu ndipo aliyense waikapo yake. Ngati mpamba ndi wochepa, wa thumba limodzi kapena awiri, gulani mumsika momwemo. Kudoko n'kotchipa, koma mukhoza kugonako masiku kudikira kuti maboti aphe, ndalama n'kuthera chakudya ndi malo ogona.

Anganga a pa Thandala:
Zoona zimenezo, koma mwana wanga yang'ananso kumwamba usanakwere basi. Usipa amapha usiku ndi khoka la chilimira, atayatsa nyali. Mwezi ukawala nsomba sizitsata nyali, ndiye usipa umachepa, mtengo n'kukwera. Bwera mwezi uli mumdima. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, asodzi amatha masiku osalowa m'madzi. Kuyambira Novembala boma limatsekanso usodzi wa makoka kuti chambo chiswane, choncho ukaona chambo chaching'ono nyengo imeneyo usachikhudze, ungalandidwe katundu panjira ndiponso ukupha mbewu.

Posankha usadalire maso okha. Pisa dzanja mpaka pakati pa thumba, pamwamba amayalapo wabwino. Usipa wouma bwino umathyoka ukaupinda, suchita kunyumbwira, ndipo sununkha chinyezi. Wofutsa, uja amayamba auviika m'madzi otentha amchere asanauyanike, umakoma ndipo umagulika msanga, koma ndi wosachedwa kufumbutuka. Ukaupanikiza m'thumba kapena wina akaukhalira pa lole, umakafika mitu payokha, pansi pali ufa wokhawokha. Wongoyanika padzuwa umapirira ulendo. M'dzinja chenjera kwambiri: dzuwa likasowa ntchentche zimaikira mazira pa thandala loyanikira nsomba, mphutsi n'kudzaonekera uli kale kwanu. Ukalawa n'kumva kuwawa kapena mchenga m'mano, umenewo anayanika pansi kapena unavumbwa. Usiye.

Muyeso wake ndi chigoba cha malita 5 kapena ndowa ya malita 20. Mugwirizane kaye ngati n'kosefukira kapena kongolekeza m'milomo, ndipo uone ngati chigobacho sichinaphwanyidwe pansi. Longeza m'dengu kapena m'thumba lopita mphepo, osati m'pulasitiki.

Wakabaza wa pa Mlatho:
Kuwonjezera pang'ono za nthawi. Fikani m'mamawa, katundu akungotsika, dzuwa la kuno likakwera nsomba yaiwisi siichedwa kufewa. Lachisanu masana mabenchi ambiri amatsekedwa eni ake ali ku mzikiti, musakonze zonyamuka nthawi imeneyo. M'mwezi wa Ramadani malonda a zakudya amatentha chakumadzulo. Moni wa Chiyao amathandiza: kungoti "Ajimwiche uli?" wogulitsa amamasuka. Mtengo wonyamulira thumba kukafika kudepoti mupangane musanakweze pa njinga.

Che Mpondasi:
Chinanso, mukafuna kuyala katundu wanu kuti mugulitseko pomwepo, dulani chiphaso cha tsiku kwa wotolera wa khonsolo ndipo musunge lisiti. Anthu amadandaula za ngalande zotsekeka ndi zinyalala nthawi ya mvula, ndipo kudandaulako n'koyenera, poti tauniyi ili pachidikha, madzi sathamanga. Koma amene alibe lisiti mawu ake salemera pamaso pa komiti ya msika. Matumba anu musawagoneke pansi podikira galimoto, ikani pa matabwa, chinyezi cha simenti chimalowa usiku umodzi wokha.