Mavu adapangana kuning'a: mavu ake ati?

Wa ku Lizulu: Abale, pa chinkhoswe Loweruka malume anga anati "mavu adapangana kuning'a pamimba", koma ankanena za ana a bambo mmodzi okulira kosiyana, wina ku Joni wina kumudzi, onse mtima wapachala. Ine ndimayesa ndi mwambi wa mgwirizano. Ndiye uti?

NaJere: Agogo anga ku Bembeke ankaunena tikamakumba kachewere. Wina akazemba ankati ameneyo si wa mavu. Ndi mavu a chisa chapakhonde aja, ukaputa mmodzi akutulukira onse.

Aphunzitsi Opuma: Mayi, malume awo sanaphonye. Oning'a zenizeni ndi mavu okumba pansi aja, chiuno ngati ulusi. Amenewo alibe chisa cha gulu. Wamkazi amakumba una yekha mumchenga, n'kukaluma mbozi kuti ifooke osafa, kuikokera mkati, kuikirapo dzira n'kutseka. Mphutsi ikaswa imapeza ndiwo zosavunda. Asayansi amawatcha Ammophila, ndipo mitundu yake ipitirira 200. Abale awo ogwira ziwala ndi Sphex. Alipo kuno, ku Ulaya, ku Asia mpaka ku America. Anakumana pabwalo la mfumu iti kuti apangane? Makolo ankaseka, kutanthauza kuti za kumtundu sizifuna msonkhano.

NaJere: Aphunzitsi, agogo anga ku America sanafikeko. Ankanena mavu amene ankawaluma.

Chimwemwe wa pa Dedza: Kunotu kumtunda okumbawo sindiwaona kawirikawiri. Koma ndili mwana ku Golomoti tinkawalondola panjira dzuwa likuswa mtengo, anganga n'kutikalipira kuti tisawatsekere mauna.

Aphunzitsi Opuma: Ndi zimenezo! Amakonda malo otentha, ouma, a dothi losalimba. Tsikani Khwekhwelele mukaone ku Bwanje ndi ku Mtakataka. Ndiye n'kutheka akumtunda anaumva mwambiwu ndi mavu apakhonde, akuchigwa ndi okumba. Koma ine ndidakali pomwepo: wokumba sapangana ndi mnzake, komabe onse aning'a.

NaJere: Nanga liwu lakuti "adapangana" mukulitaya kuti? Lili momwemo, simungalilumphe.

Aphunzitsi Opuma: Sindikulitaya, mayi. Ndi chipongwe cha akuluakulu, amanena chozondoka.

Bambo a Tadala: Inu mukulimbana ndi mavu, wanga wa Fomu 2 ndamufunsa kuning'a n'chiyani wangoti "kaya madala". Mavu omwewo amati njuchi zoonda.

NaJere: Anga moni ndi "bho" basi. Kugwada ayi. Ukaponya mwambi amafunsa ngati ndi nyimbo yatsopano.

Mphwanu Yami: Ife tapalamulanso chiyani? Inuyo akuluakulu atatu mwalephera kumvana mwambi umodzi, ndiye ife tigwire wa ndani?

Wa ku Lizulu: Malume ndawaimbira. Akuti iwo anaumva kwa amayi awo ku Ganya ndipo safuna kukambirana pafoni.

Aphunzitsi Opuma: Ku Ganyako, kodi kumudzi kwawo kuli mchenga? Afunseni kaye zimenezo.