Nsanja ya wotchi ikutuluka mbuu m'galasi, ndikulakwitsa pati?

Funso: Akuluakulu ojambula, thandizeni. Ndikufuna chithunzi cha nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ija ili pafupi ndi mlatho wa Shire kuno ku Mangochi, koma ioneke m'galasi la shopu yatsopano, njerwa zakale mkati mwa felemu ya aluminiyamu. Nsanja ikutuluka mbuu, katundu wa m'shopumo ndiye akuoneka bwino. Nditani?

Yankho 1: Achimwene, vuto si kamera. Galasi wamba mukalipenya maso ndi maso limabweza kuwala pafupifupi 8 peresenti basi, kotsalako kumalowa mkati. Imani chammbali, muliyang'ane mopendekera, chithunzi chilimba. Komanso nsanja ikhale padzuwa, galasi pamthunzi, m'shopumo mwamdima. Galasi loyang'ana kumadzulo lijambuleni m'mawa, loyang'ana kum'mawa madzulo. Pemphani eni ake azimitse magetsi, ndipo mulipukute kaye. Fumbi la Okutobala limapha mtundu wa njerwa.

Yankho 2: Ambiri amaphonya pa focus, malo amene kamera yalunjika kuti aoneke bwino. Nsanjayo sili pagalasi ayi. Mukaima mamita 3 kuchoka pagalasi, nsanja ili mamita 30 kuchoka pagalasilo, kamera ikuiona ngati ili pa mamita 33. Pafoni dinani pa nsanjayo, musachotse chala mpaka focus itseke. Pakamera ikani f/11, ndiko kuchepetsa kabowo kolowera kuwala, kuti felemu nayo isafufutike kwambiri. Ngati pali polarizer, sefa ya kuwala yoika kutsogolo kwa kamera, itembenuzeni mukuyang'ana: mbali ina imafufutiratu chithunzi chomwe mukufunacho.

Wofunsa: Zikomo bwana. Nanga m'mphepete mwa nsanja mukuoneka mizere iwiri, ndiye chiyani?

Yankho 2: Galasi limabweza kuwala kumaso ndi kumsana komwe, ndipo likakhala lochindikala mizereyo imatalikirana. Sakani lakuda lija la tinted, wakumsanawo umazilala. Lina limapinda nsanja ngati ili m'madzi a mu Shire. Ine ndimati musalithawe, kukoma kwake kuli pomwepo.

Yankho 3: Ngati mudzachipange ndi penti, musatembenuze chithunzicho pakompyuta. Manambala a wotchi akhale otembenuka choncho, kumanja kuli kumanzere, ndi amene amauza munthu kuti akuona m'galasi. Njerwa za m'galasi muzidetse pang'ono posakaniza kabiriwiri m'penti yofiira, yoyera yeniyeni ipite pafelemu pokha.