Mtsikana wa msana wopindika, makolo akufuna chiropractor

Wa physio, Nsanje: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuona mtsikana wa zaka 12, msana wapindikira kumanja. Akawerama manja ali lende, nthiti za kumanja zikutukuka kuposa za kumanzere, ndipo phewa limodzi lakwera. Bambo ake ali ku Johannesburg, atumiza vidiyo ya pa Facebook ya chiropractor (wochiza podinikiza msana ndi manja) akudinikiza munthu msana mpaka mafupa kulira, ndiye akuti asonkha ndalama mwana akawongoledwe. Mayi akufuna yankho kwa ine.

Clinical officer wa mafupa, Chikwawa: Asisi, tisanafike kwa chiropractor, kodi mwatsimikiza kuti si TB ya msana? Kuno kwathu funso loyamba ndi limenelo. Akuonda? Amatuluka thukuta usiku? Ululu umamudzutsa? Miyendo ili ndi mphamvu, akukodza bwino? TB kawirikawiri imatulutsa linunda losongoka pakati pa msana, pomwe scoliosis imakhotetsa msana cham'mbali. Fupa lodyedwa ndi TB wina akalikankha mwamphamvu, mwana akhoza kufa miyendo. Pasapezeke womugwira msana asanajambulidwe.

Wa physio, Nsanje: Zonsezo palibe, akulu. Miyendonso ndayeza, ndi yofanana kutalika. X-ray tajambula ataimirira, mafupa ali bwino, Cobb angle (muyeso wa kukhota kwa msana) ikufika madigiri 28. Sanayambe kusamba.

Rehab technician, Ngabu: Komatu abwana, ine ndaonapo akuluakulu ena ululu ukuchepa atagwiridwa ndi manja. Bwanji osawalola ayesere? Ndalama ndi zawo.

Clinical officer wa mafupa, Chikwawa: Ululu ukhoza kuchepa kwa kanthawi, sindikukana, achimwene. Koma mwanayu sakudandaula ululu. Vuto lake ndi kukhota, scoliosis ija, ndipo palibe umboni wodalirika woti kudinikiza msana kumachepetsa madigiri kapena kuletsa kuti asawonjezeke. Mu scoliosis mafupa amakhota komanso kupotoka, n'chifukwa chake nthiti zikutukuka akawerama. Si fupa limodzi lomwe lachoka pamalo loti n'kulibwezera.

Chondidetsa nkhawa ine ndi nthawi. Zaka 12, wosayamba kusamba, ndiye kuti kukula kwa msanga kukubwera kapena kwayamba kale, ndipo m'pamene msana umapindika mofulumira, makamaka kwa atsikana. Kuyambira madigiri 25 mpaka 40 mwana akadakula, thandizo ndi brace, chovala cholimba cha pulasitiki chogwira msana. Akapyola 45 kapena 50, tiyamba kukamba za opaleshoni. Miyezi yomwe angataye poyenda kwa chiropractor ndi yomwe brace ikanagwira ntchito.

Namwino, Bangula: Brace ndikuvomereza, koma tikambe zoona za kuno ku chigwa. Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40, ndiye mwana avale pulasitiki maola 18 pa tsiku? Akavula mayi akangopita ku dimba. Kusukulunso anzake amuseka.

Wa physio, Nchalo: Anamwino anena zenizeni. Ine ndimachita chonchi: malaya opyapyala a thonje mkati, osapindika, awiri kapena atatu osinthira. Maola opumira ndimawaika masana dzuwa likaswa mtengo, asambe, khungu liume, kenako avale madzulo, usiku wonse mpaka m'mawa. Mayi aziyang'ana m'chiuno ndi m'khwapa tsiku lililonse, pakayamba chilonda abwere msanga. Ndipo muwauze poyera kuti brace siwongola msana, imaletsa kuti usapitirire. Mukabisa zimenezi, adzati sikugwira ntchito n'kuitaya. Masewero a Schroth, olimbitsa thupi opangidwira msana wokhota, onjezerani ngati munaphunzira, koma asalowe m'malo mwa brace.

China, asisi: mayi ambiri amadziimba mlandu kuti ndi ndowa ya madzi yomwe amamusenzetsa. Auzeni kuti si ndowa, si chikwama cha mabuku, si kakhalidwe ka pa mkeka. Mwa ana ambiri a msinkhu uwu chifukwa chake sichidziwika.

Rehab technician, Ngabu: Ndamva. Nanga bambowo tiwayankha bwanji? Akangomva kuti ayi, aganiza kuti tikuwatsekera njira.

Clinical officer wa mafupa, Chikwawa: Musawatsutse ngati osadziwa, akufunira mwana wawo zabwino. Aimbireni limodzi ndi mayi, muwatumizire chithunzi cha X-ray mutajambulapo mizere aone okha. Ndalama asonkhazo zikhale za minibasi yokwera Thabwa ndi maulendo obwereza, poti brace imafuna kukonzedwa mwana akamakula. Lembani kalata yopita ku Queens kapena ku Beit CURE ku Blantyre, kuli madokotala a mafupa. Mulembemo madigiri, tsiku lojambula, Risser (muyeso wa pa fupa la chiuno wosonyeza kukula komwe kwatsala), ndi zoti sanayambe kusamba.

Wa physio, Nsanje: Zikomo nonse. Risser ndiona pa filimu yomweyi, chiuno chikuoneka. Kalata ndilemba lero, ndipo bambo ndiwaimbira madzulo akaweruka. Akabwerako ku Blantyre ndimuyeza msinkhu pa khoma ulendo uliwonse, X-ray ina pakatha miyezi 6 pokhapokha madokotala atanena zina.