Mwana anachira khansa ali wamng'ono, pano akubanika akamasewera mpira

mayi_wa_ku_Ndirande:
Abale ndithandizeni maganizo. Mnyamata wanga anadwala khansa ya impso ali ndi zaka 4, anamuchotsa impso imodzi ku Queens, kemo, mankhwala a khansa aja, tinamaliza ndipo anachira ndithu, tinathokoza Mulungu. Pano ali ndi zaka 15, ali Fomu 2, koma miyezi iwiri imeneyi akangothamanga pang'ono pa bwalo amakhala pansi ali wefuwefu, dzulo pokwera chitunda chobwera kunyumba anaima katatu atagwira pachifuwa, chonsecho kale ankakwera ndi ndowa ya madzi osapumira. Apongozi akuti ndi kukula chabe. Kodi mankhwala a zaka 11 zapitazo angachititse zimenezi?

namwino_Chilomoni:
Mayi musazengereze. Mukukumbukira ngati mu dripu ankamuika mankhwala ofiira aja, amene amafiiritsa mkodzo? Dzina lake ndi doxorubicin, pa khansa amagwira ntchito kwambiri koma amatha kufooketsa mtima, ndipo vutolo limatha kubisala zaka 10 kapena kuposa n'kudzatulukira pomwe mwana akukula msanga ndipo mtima ukufunika kupopa magazi ambiri. Sindikunena kuti ndi zimenezo ayi, kuchepa magazi kapena mphumu zimabanikitsanso, koma pitani naye mukapemphe echo, imene ndi sikani ya mtima, siipweteka. Buku lake lakale la kuchipatala musalisiye, madokotala aone mankhwala amene analandira. Mapazi akatupa kapena akamalephera kugona chagada, tsiku lomwelo kuchipatala. Mpira ayambe wasiya kaye.

bambo_Zingwangwa:
Mwana wanga wamkazi nayenso ali ndi impso imodzi. Ife anatiuza kuti Brufen ndi diclofenac asamangomwa chisawawa chifukwa zimapweteka impso, mutu ukawawa ndi Panado basi, komanso chaka chilichonse aziyeza BP ndi mkodzo. Chimene chimandimvetsa chisoni ine ndi mapazi, mankhwala a khansa otchedwa vincristine anamusiyira dzanzi ndipo amapunthwa pafupipafupi, anzake kusukulu ankamuseka mpaka anafuna kusiya. Mafizo amuthandiza ndithu. Limbani mtima mayi.

mayi_wa_ku_Ndirande:
Zikomo anamwino, ofiirawo ndikuwakumbukira bwino, tsiku loyamba ndinalira poganiza kuti akukodza magazi. Buku ndalipeza mu sutikesi, chikuto chinadyedwa ndi mphemvu koma zolemba zikuwerengeka. Lolemba m'mawa tikwera minibasi yoyamba.