Gulu la Banja: Ulendo wa ku Malaysia

Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Sukulu yatsimikiza, mwambo wolandira digiri uli sabata yoyamba ya Disembala. Tigwirizane msanga za masiku otsatirawo, matikiti a ndege sakudikira munthu.

Malume ku Leeds: Watichotsa manyazi mphwanga. Ine ndandanda ndalemba kale: Kuala Lumpur, Melaka, Penang, Langkawi, kenako zilumba za Perhentian. Kufika kutali chonchija ndiye tione zonse.

Tadala: Perhentian ichotseni Malume. Kuyambira Novembala mpaka cha mu Febuluwale gombe la kum'mawa kumakhala chimphepo ndi mvula, mahotela ambiri pazilumbapo amatseka, maboti nawonso sayenda bwino. Nthawi imeneyo nyanja yabata ili kumadzulo, ku Langkawi.

Amayi a Tadala: Achimwene, musaiwale kuti mlongo wanune mawondo anatha. Malo asanu m'masiku khumi, ndidzabwerera pa machira. Ine ndikupita kukaona mwana wanga atavala gauni, zinazo ndi zongoonjezera.

Azakhali: Alamu anena zoona. Ndipo phanga lija Tadala anatumiza chithunzi, la masitepe a utoto, ndani akakwere?

Tadala: Batu Caves imeneyo, masitepe 272. Amayi simukuyenera kukwera. Chifaniziro chagolide cha Murugan, mulungu wa Ahindu, chotalika mamita oposa 42, chili pansi pomwepo, mukhoza kukhala pamthunzi n'kumamwa madzi a kokonati ife tikukwera. Ndi kachisi wa Ahindu, ndiye azimayi tivale zobisa mawondo, chitenje chikwanira. Chakudya musanyamule m'manja, anyani a pamenepo amalanda jumbo munthu ukuona.

Achimwene ku Johannesburg: Ine ndi mlamu wanu tikufuna nsanja za Petronas za ku Kuala Lumpur basi, ana akhala akuzitchula chaka chonse.

Tadala: Matikiti okwerera pa mlatho wolumikiza nsanja ziwirizo, pa nsanjika ya 41, amatha msanga. Ndigula pa intaneti mukanditsimikizira chiwerengero.

Malume ku Leeds: Chabwino, Perhentian yagwa. Nanga Melaka ndi Penang si zofanana? Yonse ndi mizinda yakale, bungwe la UNESCO linailemba pamodzi ngati malo a mbiri ya dziko lonse lapansi mu 2008. Tisankhe umodzi.

Bambo aang'ono: Pepani Malume, Melaka yokha ndiikanira. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana a fomu 2 za Apwitikizi, kuti anakwera Zambezi n'kukhazikika ku Sena ndi ku Tete. Omwewo analanda Melaka mu 1511, kufuna kugwira njira ya malonda a zonunkhiritsa, mpaka Adatchi anawachotsa mu 1641. Chipata cha linga lawo, A Famosa, chikadalipo. Ndikufuna ndikachigwire ndi dzanja langali, ndidzaonetse ana anga m'kalasi chithunzi chomwe ndajambula ndekha.

Tadala: Zitheka Bambo aang'ono. Basi yochokera ku siteshoni ya TBS ku Kuala Lumpur imatenga maola awiri kapena kupitirira pang'ono. Tinyamuke m'mamawa ine, inu ndi aliyense wofuna, madzulo tabwerera. Tsiku limenelo Amayi apume ku hotela.

Amayi a Tadala: Apo ndiye mwayankhula.

Azakhali: Ku Penang tikafika bwanji? Ine basi ya usiku ayi.

Tadala: Sitima yamagetsi ya ETS, kuchokera pa siteshoni ya KL Sentral ku Kuala Lumpur kukafika Butterworth, maola anayi ndi pang'ono. Mipando ndi yabwino koma mumazizira, tengani juzi. Potsika pomwepo pali boti lowolotsa kupita ku George Town, likulu la Penang. Kumeneko tigone masiku atatu osathamanga. Phiri la Penang Hill amakwera pa kasitima kokokedwa ndi chingwe, ndiye Amayi mukafika pamwamba mutakhala. Ku Langkawi tikapita pa ndege, sipatha ola.

Achimwene ku Johannesburg: Chakudya bwanji? Mukuwadziwa Azakhali, popanda nsima amati agona ndi njala.

Azakhali: Ufa ndinyamula, musandiseke.

Tadala: Za ufa ndiyambe ndafunsa malamulo a pabwalo la ndege Azakhali. Koma simuvutika. Nasi lemak ndi mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati, pambali mtedza wokazinga, dzira ndi tinsomba touma tofanana ndi usipa wathu. Tsabola amaika pambali, mukhoza kumusiya. Mapulagi a magetsi ndi a mano atatu omwe tili nawo kunyumba, ndipo magalimoto amayenda kumanzere.

Malume ku Leeds: Tikambe za ndalama tsopano. Ndikudziwa kuti kupeza madola kubanki kumudziko ndi nkhondo. Mahotela onse ndilipira ine kuno ndi khadi. Inu gawo lanu mupereke m'makwacha kwa Bambo aang'ono, zipite ku malata a nyumba ya Agogo omwe ndinalonjeza aja. Tikiti ya mlongo wanga tigawana ine ndi a ku Johannesburg.

Amayi a Tadala: Achimwene, Mulungu akudalitseni. Ndilibe mawu.

Bambo aang'ono: Ndavomera, ndizilemba zonse m'kope. Koma Agogo atsala ndi ndani? Disembala ndi nthawi yobzala, sitingachoke tonse.

Azakhali: Mwana wanga wamkulu akhala atatsekera sukulu, akagona kumudzi. Feteleza tigule tisananyamuke, aganyu ndikambirana nawo ndekha Loweruka lino.

Tadala: Zikomo Azakhali. Chotsala ndi mapasipoti. Aliyense aone tsiku lothera, pakhale miyezi yosachepera isanu ndi umodzi kuchokera tsiku lofika kuno. Fomu yolowera m'dziko muno ya MDAC amadzaza pa intaneti kutatsala masiku atatu, ya Amayi ndi ya Azakhali ndidzaza ine. Mukandiimbira kumbukirani kuti kuno tili patsogolo ndi maola 6.

Achimwene ku Johannesburg: Ya mwana wamng'onoyu ikutha mu Marichi. Mawa ndiyamba kuyendera yatsopano.

Malume ku Leeds: Langkawi masiku angati? Ndapeza nyumba ya zipinda zinayi pafupi ndi gombe la Pantai Cenang, ili ndi khitchini.

Amayi a Tadala: Atatu. Ndipo chipinda changa chikhale chapansi.