Clock ya SPI ikuoneka ngati mafunde pa oscilloscope

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndalumikiza bolodi ya ESP32 ndi display kudzera pa SPI (njira yotumizirana data pakati pa zipangizo), clock (siginolo yotsogolera liwiro la data) ili pa 20 MHz, koma nthawi zina zithunzi zikumasokonekera. Ndikayeza ndi oscilloscope (makina oonetsa siginolo pa sikirini) ya Rigol DS1054Z, clock ikuoneka yobulungira, ngodya palibe. Wolakwa ndi bolodi kapena makina oyezerawa?

Wa mawailesi: Achimwene, musanaimbe bolodi mlandu, onani kaswichi ka pa probe, chingwe choyezera chija. Kakakhala pa 1X, bandwidth (malire a ma MHz amene makina angaone bwino) imatsika kufika ma MHz ochepa chabe. Ikani pa 10X, musinthenso pa chanelo.

Wofunsa: Kanalidi pa 1X, manyazi bwanji! Pano kuli bwinoko, koma ngodya zikadali zofooka.

Mkulu wa pa benchi: Pamenepo ndiye pathera mphamvu za makinawo. DS1054Z ndi ya 50 MHz. Ngodya za square wave zimapangidwa ndi ma harmonic (mafunde othamanga katatu, kasanu ndi kupitirira kuposa clock), ndipo pa clock yanuyo lachitatu lili pa 60 MHz, lachisanu pa 100 MHz. Onsewo makina anu akuwafinya. N'chifukwa chake timati bandwidth ikhale kasanu kuposa clock. Komabe ine ndimayang'ana kwambiri liwiro la m'mphepete mwa siginolo yamagetsiyo. Gawani 0.35 ndi bandwidth: 50 MHz ikupatsani 7 ns, nthawi yokwera yofupikitsitsa imene makinawo angaonetse. Chilichonse chokwera msanga kuposa apo muchiona ngati chitunda, ngakhale clock mutaitsitsa kufika 1 MHz.

Mayi wa ma PLC: Ndiwonjezerepo za sampling, kutanthauza kuchuluka kwa madontho amene makina amayeza pa sekondi. 1 GSa/s yolembedwa kutsogoloko ndi ya chanelo imodzi. Mukayatsa zonse zinayi mumatsala ndi 250 MSa/s, kutanthauza dontho limodzi pa 4 ns iliyonse. Kuwerenga clock kukwanira, koma ka glitch (kusokonekera kwa siginolo) kakafupi kangathe kudutsa pakati pa madonthowo osaoneka. Mukatambasulanso timebase (nthawi yooneka pa sikirini), memory imadzaza ndipo sampling imatsika mwakachetechete, ndiye muziwerenga nambala imene ili pa sikirini. Siyani chanelo ziwiri, muyatse Peak Detect yothandiza kugwira tima glitch timeneti.

Mkulu wa pa benchi: Chotsaninso kawaya kakatali ka ground, muike kasipuling'i. Kawayako kamabweretsa ringing (kunjenjemera kwa siginolo pa ngodya) yabodza.

Wofunsa: Ndachita zonsezo. Ringing ikadalipo pa clock ngakhale ndi kasipuling'i, ndiye kuti ndi yeniyeni. Ndafupikitsa ma jumper, ndaika resistor ya 33 ohm pafupi ndi pini ya ESP32, zithunzi zakhazikika. Ndigulebe oscilloscope ya 100 MHz?

Mayi wa ma PLC: Pa ntchito imeneyi ayi, sungani ndalamazo. Mukadzafika pa 40 MHz tidzakambirane za 200 MHz.