Miyezi 8 mu Lusaka koma ndilibe womuimbira zikavuta, ndiyambire pati?

Moni nonse mugulu muno, makamaka inu amene mwakhalitsa ku Zambia. Ndine mtsikana wa ku Blantyre, ndinabwera mu Januwale kudzagwira ntchito ya akawunti pa kampani ina, ndikukhala ku Chelstone. Pobwera ndinkati sindikavutika poti anthu amayankhula chinyanja, ndi kwathu komwe kungowoloka pa Mwami basi. Koma chinyanja cha mtauni muno ndi china, ine ndikati "ndikufuna" iwo "nifuna", ndikati "tsopano" iwo "manje", ndikangotsegula pakamwa amati mumayankhula ngati agogo anga a ku Katete, timaseka, macheza nkuthera pomwepo. Ku ofesi timagwira ntchito bwinobwino koma nkhani ikafika pokoma amatembenukira ku chibemba, ine ndimangoyang'ana pa kompyuta.

Sabata yatha malungo anandigwira usiku cha m'ma 1 koloko, thupi kuotcha, ndinatsegula foni kuona manambala a +260, ndinapeza ya abwana, ya alandilodi ndi ya mnyamata wondibweretsera makala basi. Ndinaitana takisi ya Yango ndekha. Kuchipatala anamwino kundifunsa kuti wachibale wapafupi tilembe ndani, ndinatchula amayi amene ali ku Chilomoni, iwo akuti ayi wa kuno, ndinangokhala chete misozi ili chuchuchu.

China ndi ntchito. Kontilakiti ndi ya zaka 2 ndipo pemiti yanga ndi ya kampani yomweyi, ikatha sindikudziwa munthu wa ntchito yathuyi ngakhale mmodzi kunja kwa ofesi. Mowa sindimwa. Ndayesa kupita ku ma mall a East Park ndi Manda Hill Loweruka koma aliyense amabwera ndi anzake kale. Inu munatani kuti mupeze anthu anuanu?

Mayi a ku Kabwata: Pepa mwana wanga, nkhani ya kuchipatalayo yandikhudza chifukwa nanenso ndinadutsamo. Ku mall sungapezeko mnzako. Umapemphera kuti? Ngati kwanu unali wa CCAP yesa mpingo wa RCZ (Reformed Church in Zambia), mizu yake ndi ya Adatchi ngati Nkhoma, nyimbo zambiri uzizindikira ndipo anthu akum'mawa ndi ambirimo. Koma usamangopita Lamulungu nkuthawa tchalitchi ikangotuluka, funsa za mapemphero a m'makomo a dera lako, ulowenso kwaya ngati mawu alipo. Ndiye chachikulu ndi maliro. Ine anthu anandilandira tsiku limene ndinagona pa maliro a aneba nkudzuka m'mamawa kutsuka mapoto, kuchokera pamenepo ndi amene amandigogodera ndikapanda kuoneka masiku awiri.

Akawuntanti mnzanu: Achemwali ku ZICA, bungwe la maakawuntanti kuno ku Zambia, munalembetsa eti? Poti kuno ntchito ya akawunti siigwirika popanda iwowo. Ngati munalembetsa ndiye muzipita ku maphunziro awo owonjezera luso pantchito (CPD) pamaso osati pa intaneti pokha, mufike msanga, nthawi ya tiyi musagwire foni. Musayambe ndi zofuna ntchito, anthu amathawa. Inu muli ndi chinthu chimene ambiri kuno alibe, mumadziwa misonkho ya ku Malawi ndi mmene MRA imayendetsera zinthu, pomwe makampani otumiza katundu kudzera pa Mchinji ndi ambiri, likulu la COMESA lilinso konkuno. Wina akakufunsani muthandizeni, madzulo omwewo mpezeni pa LinkedIn.

Wa ku Chipata: Asisi ine ndine Mzambia, mundilole ndiikepo. Anzanuwo mwina sakukusalani, angozolowera. Phunzirani mawu a chibemba monga "mulishani", "mwashibukeni" ndi "natotela", muona nkhope zawo. Poitana munthu muziika "ba" patsogolo pa dzina, ndiwo ulemu wake kuno ngati "a" wa kwanu. Komanso ife akum'mawa tili pa chimbuya, ubale wonyozana mwanthabwala, ndi Abemba, ndiye wina akadzakunenani kuti mumadya mbewa musakwiye, ndiye kuti wakuwerengerani ngati wathu, mubwezereni za anyani basi mwapeza mnzanu.

Wina wa ku Avondale: Amalawi tilipo ambiri ndithu, mukalembetse ku ofesi ya kazembe wathu kuti azidziwa kuti mulipo. Koma musadzitsekere mwa Amalawi okhaokha. Ndipo za chilimba, chipereganyu chakuno, musafulumire kulowa ndi anthu amene simukudziwa kumene amagona.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti muyankha chonchi. Ku ZICA ndinalembetsa koma sindinapiteko ngakhale kamodzi, ndimangochita za pa intaneti, ndisintha. Amayi a ku Kabwata ndifunseko, mnzanga wa ku ofesi bambo ake amwalira dzulo, maliro ali ku Matero, ine ndinangosonkha nawo ndalama nditaganiza kuti sindikudziwika ndiye ndikangosowetsa anthu mtendere. Ndipite? Nanga ndinyamule chani?

Mayi a ku Kabwata: Pita lero lomwe ukaweruka, usadikire tsiku loika. Tenga chitenje ndi duku, ugule shuga kapena kathumba ka ufa ngati ungakwanitse. Azibambo amakhala panja pa tenti, iwe ulowe m'nyumba ukhale pansi ndi azimayi, umugwire dzanja mnzakoyo, sipafunika mawu ambiri. Ukaona akuyamba kuphika dzuka ukafunse mpeni udule nawo kabichi. Ukabwerako undilembere ku inbox, Lamulungu ndidzakutenga tipitire limodzi ku tchalitchi.